Dothi la Kudambo

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Landira moni pamodzi ndi amuna ako. Kuno ku Mitundu tili bwino, kupatula mawondo angawa.

Mlongo wako Yohane tsopano ndi kontirakitala, ndipo ndikuyenda monyada. Amaumba njerwa zosawotcha ndi makina, kuti mitengo ya ku Dzalanyama ipume. Ntchito yake yoyamba ndi makalasi a sukulu yaulere ku Nathenje.

Koma dothi anakakumba m'mphepete mwa dambo la kwathu kuno osafunsa ife amayi. Paja amuna sadziwa pamene timaika makanda obadwa akufa. M'mawa mwake njerwa zaziwisi zinapezeka ndi timapazi ta khanda. Amisiri athawa, ntchito yaima, koma iye akuti ndi achule.

Chonde umulembere kuti aleke kukumba pamenepo, iwe amakumvera. Ine pakamwa pakundilemera kumuuza kuti mpamene panagona mkulu wake.

Mulungu akusunge kutaliko.

Ndine mayi ako,
Nabanda