Ndiwo Zanu Zotsiriza

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno kwacha bata. Mphepo yatha, kwatsala kamvula kowaza. Ndikumva macheka a anthu odula mitengo yomwe yagwera mumsewu, ndi mbalame zoyera za kunyanja zija munkati zimalira ngati zaberedwa. Sukulu sanatsegulebe.

Tadala wagulula mano awiri akutsogolo, ndipo ukamufunsa m'Chichewa amayankhabe m'Chingerezi chake cha kuno. Azakhali a ku Govan anachira, mwana wamwamuna. Ine masamu akundivutabe.

Koma ndalembera za mphepo. Sindinaonepo zotere, Amayi. Inayamba m'mawa Bambo ali kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ija ya kutsidya kwa mtsinje. Tadala anali atagona kwa azakhali. Mabasi anaima, sitima zinaima. Ine ndinali pawindo ndekha. Mabini a zinyalala ankathamanga mumsewu ngati atumidwa. Denga la pokwerera basi linanyamuka lonse, n'kutembenuka m'malere, n'kupita. Nyumba yathu yomweyi, yakonkire, inkalira m'makoma, ndipo madzi a m'kapu ankanjenjemera patebulo. Mantha ndinali nawo, koma pawindopo sindinathe kuchokapo. Kenako magetsi anathima.

Bambo anaimba foni yanga isanathe moto. Anati, "Limbani, ondilandira ntchito sanabwere, agogowa sindingawasiye. Usatuluke. Ndipo usatsegule firiji." Ndinakumbukira inu pomwepo, mmene munkanenera za kwanu ku Ndirande: "Magetsi akathima, firiji si wailesi yakanema yoti uzingoyang'anamo."

Mukudziwa chimene chinali m'menemo? Kontena ya ayisikilimu ija, yodzaza nkhwani wotendera amene munaphika musanapite kuchipatala ulendo womaliza, wa maungu munadzala m'zidebe pakhonde aja. Chichokereni inu palibe anaitsegula. Bambo akamatenga nyama ankaisuntha ndi manja awiri, n'kuibwezera pamalo pake. Sitinakambiranepo za iyo.

Kutacha, madzi anayamba kudontha pansi pa firiji. Ndinaika kontenayo m'jumbo n'kuipachika kunja kwa windo, koma kunjako kunali mvula chabe, kuzizira kwake kosaumitsa kanthu. Ndikadina m'mbali, ndinkamva ndiwo zikufewa. Ndinadziwa kuti zikasungunuka palibenso zobwezera: kudya kapena kutaya. Kudya ndekha sindikanatha. Kutaya ndiye ayi. Ndinangopemphera kuti Bambo ndi Tadala afike zisanasase.

Madzulo ake mitambo inang'ambika. Dera lathu lonse linali bii, ndipo ndinatuluka pakhonde nditavala majekete awiri ndi chitenje chanu pamwamba. Nyenyezi, Amayi! Mukamanena kuti kwathu zimachuluka mpaka kusowa poloza chala, ndinkayesa mukuwonjezera. Kani zinalipo nthawi yonseyi pamwamba pa dera lathu lino la Sighthill, magetsi ndiwo ankatibisira. Ndinaima pamenepo mpaka zala zinachita dzanzi.

M'mawa mwake mkulu wa khomo loyandikana, uja ankapanga sitima zapamadzi, anagogoda. Mphaka wake anali atasowa chiyambireni mphepo. Anandibwereka kachitofu ka gasi, n'kundichenjeza kuti ndikayatsa nditsegule windo. Sindinayatse. Ndinaika kontena patebulo, n'kukhala ndikumvetsera mapazi pamasitepe.

Bambo ndi Tadala anafika masana. Bambo maso ali psuu ndi tulo, Tadala ali kumsana ngakhale wakula kale. Bambo ataona kontena anaima pakhomo osavula nsapato. Tadala ndiye anatsika, n'kuithamangira, n'kutsegula chivindikiro. Anayang'ana m'katimo, n'kukuwa, m'Chichewa chenicheni: "Aa! Amayi andipusitsanso!"

Bambo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kusekako kunathera kwina. Kenako ananunkhiza ndiwozo nthawi yaitali. Anati, "Sizinasase. Yatsa moto, bambo. Mayi ako akanatikalipira. Paja ankati ndiwo amaphikira pakamwa, osati maso."

Tinatenthetsa windo lili lotsegula, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa mwathu. Fungo linadzaza nyumba yonse. Tinadyera buledi, tonse atatu m'mbale imodzi. Mchere munachepetsa ngati kale, kuopa kuthamanga kwa magazi kwa Bambo. Palibe anawonjezera. Tadala anapukuta mbale ndi chala.

Kontena ndaitsuka, ili pa alumali. Zidebe zanu za pakhonde mphepo inatenga chimodzi, zina zilipo. Kukayamba kufunda ndidzadzalamo maungu, ndikulonjeza, ndipo azakhali avomera kundiphunzitsa kutendera.

Choncho obwerera kunyumba ndi awa: Bambo anabwera, Tadala anabwera, mphaka wa mkulu uja anabwera dzulo ali wonyowa. Magetsi ndiwo anabwera pambuyo pa onse.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Limbani