Ndanyoza adadi pamaso pa alendo

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Kuno ku Edmonton tilipo. Anti Chikondi abereka mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu. Maungu anu a kukadimba aja angobereka awiri, masamba onse nkhono zadya.

Koma ndili ndi nkhani yoipa, ndipo wolakwa ndi ine.

Mukukumbukira timabuku ta zithunzi takalekale tija, munapatsidwa ndi agogo achizungu ku care home, kosamalira okalamba kuja? Ndinapita nato ku kalasi ya history. Aphunzitsi anatiuza kuti eni mafakitale ankatigawa ulere kwa antchito, kuti azikhulupirira zoti bwana akalemera nawonso alemera, asamaganize za sitalaka. M'timabukumo muli bambo uja womwetulira tsamba lililonse, akuthokoza bwana. Ndinabwerako ndikudzimva wanzeru kwambiri.

Lamlungu kunabwera a Phiri ndi akuluakulu ena a kutchalitchi. Adadi amawafotokozera kuti anzawo kuntchito akufuna kukadandaula za ma shift, koma iwo salowa nawo, poti visa yathu ili m'manja mwa kampani. Ine ndinali nditagwada bwinobwino ndi tiyi. Ine yemwe uja munkachita kundikankha kuti ndipereke moni! Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Dad, you're just like the man in the comic." Sindinalekere pomwepo, amayi. Ndinakatenga kabukuko n'kuwaonetsa onse.

A Phiri anaseka pang'ono, kenako anayang'ana pansi. Adadi anangoti, "Zikomo mayi, ika tiyiyo apo."

Mpaka lero sanandikalipire. Amandisitirabe yunifolomu asanapite kuntchito, koma tikamadya sayang'ana mbali yanga. Bola akanandikalipira. Za visa ndimazidziwa, ndikudziwanso kuti amamwetulira kuntchitoko kuti ine ndi m'bale wanga Tiyamike tisachotsedwe pasukulu. Inu munkati, "Chisomo, pakakhala alendo, za kusukulu uzisiye m'chikwama."

Kale ndikalakwa munkandiperekeza kwa adadi, inu kuyankhula, ine kungogwada. Pandekha sindinapepeseko. Anti akuti abwere adzandinenere, ndawakaniza.

Loweruka adadi ali off, sapita kuntchito. Ndikawagwadira ndekha, ndipo ndikanena m'Chichewa ngakhale mawu athawe. Lamlungu ndikabwereza pamaso pa a Phiri, poti nawonso anaona. Ndikulonjeza, amayi. Ndikuopa, koma ndipita.

Ndimakukondani kwambiri.

Mwana wanu,
Chisomo