Kuthinana pa Benchi la Bezibo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine chimfine chija chatha.

Loweruka anzanga ogwira nawo ntchito kuchipatala ananditengera ku mpira wa bezibo, womenya ndi ndodo uja, mumzinda wa Indianapolis. Bwalo linadzaza, tinachita kuthinana. Mayi wa pambali panga ankatsutsana ndi mwamuna wake za woponya mpira amene amugulitsa ku timu ina. Mayiyo akuti alakwitsa kumugulitsa, bamboyo akuti mkono wake unatha kale. Ine sindinkamvanso. Phewa la mayiyo linatsamira langa, ndipo nditatseka maso ndinali mu minibasi ya ku Thyolo, inu mukusinza paphewa panga, minda ya tiyi ikudutsa pawindo.

Chibwerereni kuno ku South Bend, panalibe amene anali atanditsamirapo.

Mulungu akusungeni. Mukakwera minibasi mundiimbire. Ngakhale osalankhula, ndizingomvera.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala