Chipewa cha pa W

Chelstone,
Lusaka.
18 Ogasiti 2024

Okondedwa asisi Thandazani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Winnipeg kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ka Pearl. Kuno tilipo. Mphepo ya Ogasiti ikutidyetsa fumbi, magetsi nawo akubwera ngati mlendo wamanyazi, tisanamupatse mpando watsanzika kale.

Mwandifunsa kangapo chifukwa chimene wiki ya banja, webusaiti yathu ija ya mbiri ya abale, sikutsegukira, ine nkumangoti ndi netiweki. Sinali netiweki. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, monga mwakhala mukuchitira kuyambira ndili m'thewera.

Mukuikumbukira kompyuta ija ya pansi pa tebulo, imene ndinaikamo wiki ndili ku koleji? Ine ndinkangofuna kudzionetsa, koma Atate atapuma pa uphunzitsi anaisandutsa munda wawo. Ndi chala chimodzi analembera tsamba munthu aliyense wa kwathu ku Katete, amoyo ndi akufa omwe. Chaka chino kuzimazima kwa magetsi kwaidwalitsa. Inayamba kulira ngati chigayo, ndiye ndinasamutsira zonse pa seva yatsopano ya pa intaneti, imene sidziwa kuti madzi achepa ku damu la magetsi la Kariba.

Tsamba la Amama mukulidziwa, lija Atate analitcha ndi chiwongo chawo, Nambeŵe. Mukudziwanso mawu amene Atate anajambula ali m'chipatala ulendo womaliza, nandiuza kuti ndiwaike pamenepo: "Nambeŵe, mwauka bwanji? Imwani mankhwala, musanamize ana." Chimene simukudziwa nchakuti chiyambire mutu wa Amama kutaya zinthu, mankhwala samwa asanamve mawu amenewo. M'mawa uliwonse mlamu wanu Valerie ankatsegula tsambalo, Amama nkukonza duku, nkuyankha kuti, "Ndauka, kaya inu aBanda," kenako nkutambasula dzanja. Ine ankandisokoneza ndi amalume, koma aBanda awo sankawaphonya.

Nditangosamutsa, wiki inatsegula tsamba loyera mbee. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kuti fayilo ya makonzedwe ikufunabe databesi, nkhokwe ya zolemba zonse, ku adiresi yakale, ngati mkamwini wosauzidwa kuti apongozi anasamuka. Ndinailozera kwatsopano, mawu anabwera. Zithunzi zokha zinakana, panali timabokosi topanda kanthu. Foda yake inali yokhoma, wiki ilibe chilolezo cholowamo. Nditatsegula, Atate anatulukira m'suti yawo ya pa Sabata, akundiyang'ana ngati ndalephera masamu. Ndinadziombera m'manja ndekha, nkuzimitsa kompyuta yakale ija.

Kutacha Valerie anadina pa dzina la Amama. Linali lofiira. Wiki inamuyankha mwaulemu kuti tsamba limeneli kulibe, nkumufunsa ngati akufuna kulilemba.

Amama anali atakonza kale duku. "Lero sanauke?" anafunsa.

"Akali gone, Amama," anatero Valerie.

Mawa lake tinati apita ku Katete. Mkuja tinati basi yawonongeka pa Luangwa. Ine, mwana amene Amama anauzidwa kuti asamunamize, ndinakhala mkulu wa bodza m'nyumba muno. Mankhwala tinayesa kuwapera m'phala, koma Amama analawa kamodzi nkukankhira mbale kutali. Ndinathamangira ku kompyuta yakale, iyo inangoti kho, nkukhala chete. Foni imene Atate anajambulira mukudziwa kuti inasowa pa maliro.

Ndinanyamula manyazi anga kupita nawo m'tauni kwa Kabamba, mnzanga wa ku koleji uja, amene ali ndi kashopu ka makompyuta kuseri kwa Cairo Road. Anayang'ana m'databesi akutafuna mtedza.

"Shani, mudala? Osalila," anatero. "Ma peji yako yalipo che, siyanafe. Manje ni chani ichi munaika pamwamba pa w? Ni kanyoni?"

"Si kambalame, ndi chipewa," ndinatero.

"Ise ku Kasama ma leta yayenda chabe na mutu. Imwe ba ku Chipata mpaka kuvalika w? Ona manje vamene vachitika."

Anandionetsa. Pamene panali Nambeŵe panalembedwa NambeÅµe. Kompyuta yakale inkasunga zilembo mwa njira ina, seva yatsopano imaziwerenga mwa njira inanso, ndipo pa msamuko w wa chipewa anaphwanyika pawiri. Wiki inkaitana dzina lenileni, nkhokwe nkumayankha kuti kuno kulibe munthu wotero. Fayilo ya mawu a Atate nayo inali ndi dzina lomwelo, motero sinafike nkomwe. A Mbeŵe onse, a Mwanaŵo, tsamba la ŵana, theka la mudzi linasowa chifukwa cha kachipewa.

Ndinaseka, asisi, mpaka Kabamba anasiya mtedza. Mukukumbukira Atate akutithira inki yofiira tikalemba "bana" ngati ana a m'Lusaka? Ankati w ameneyo ndi mkulu yekhayo wololedwa kulowa m'tchalitchi cha Reformed osavula chipewa. Munthu anamenyera kachipewako moyo wake wonse, lero ndi komweko kamene kanamutsekera pakhomo pa mkazi wake.

"Tichose che vipewa vonse, tilembe w wa bwino-bwino," anatero Kabamba.

Ndinakana. Komanso sizikanabweza mawu aja. Njira inali imodzi: kudzutsa kompyuta yakale, kutulutsamo zonse kachiwiri, nkuiuza bwino mtundu wa zilembo. Kachipangizo kake ka magetsi kanali katapsa, ndipo ka mtundu umenewo anasiya kalekale kugulitsa. Tinafunsa ku Kamwala, ku Kabwata, mpaka tinakapeza kwa munthu wina ku Chunga, m'kompyuta imene nkhuku zinkaikiramo mazira. Masabata anali akupita. Amama anasiya kufunsa za basi. Kenako anasiya kukonza duku.

Kabamba anabwera ndi batire yake, nati, "Pempelani, ba Reformed, ine ndine wa Katolika, vanga vichedwa." Chigayo chija chinatsokomola, chinalira, chinatipatsa zonse, ndipo sichinayakenso. Pa seva yatsopano maina ofiira aja anabwerera mwakale, aliyense ndi chipewa chake.

Loweruka m'mawa ndinakhazika Amama pampando wa pawindo, mankhwala ali pa sosala. Ndinadina.

"Nambeŵe, mwauka bwanji? Imwani mankhwala, musanamize ana."

Anamvetsera atapendeketsa mutu. Ndinabwereza. Kenako ananditembenukira.

"Abambo aŵa ali ndi ulemu," anatero. "Ndi a kwathu, ndamva kalankhulidwe. Kamuuzeni Nambeŵeyo ayankhe, munthu asamangodikira."

Valerie ndi amene anagwada pafupi ndi kompyuta, nayankha kuti, "Ndauka, kaya inu aBanda."

"Eya, ndiwo ulemu umenewo," anatero Amama. Anatenga mankhwala m'dzanja langa, nati zikomo adokotala.

Ndi mmene tikuchitira tsopano m'mawa uliwonse. Adokotala enieni akuti matendawa amayenda chomwecho, kaya wiki ilipo kaya palibe. Ndinagwedeza mutu monga munthu wophunzira.

Tsono wiki ikutseguka, asisi, yesani. Pasiwedi ndi yomwe ija. Mawu a Atate ndawasunga tsopano m'foni iliyonse ya m'nyumba muno, ndipo ndakutumizirani nanunso. Pempho langa ndi limodzi: musadikire Disembala. Nkhope yanu ndi ya Amama ali mtsikana, mwina akakuonani akadziona. Mubwere nayenso Pearl, ngakhale Chinyanja chake chili ngati cha wansembe wachizungu.

Valerie akupereka moni, Kabamba akuti mumubweretsere chipewa cha ku Canada. Dzulo ndinauza Amama kuti ndikulembera Thandazani. Anati dzinalo ndi lokoma, amene anakutchani anali munthu woganiza. Anati ndikuuzeni muzivala zofunda, ndiponso mupereke moni kwa makolo anu.

Ndapereka monga anandituma.

Ine mlongo wanu,
Bwezani