Amayi agwa m'bafa, choboolera chili mu buti ya achimwene

Aphungu,

Ndikukulemberani mtima ukuwira, ndiye mundikhululukire mawu ena akalasa.

Ndine telala, ndimasokera pakhonde la nyumba yanga, ndipo ndimasunga amayi anga omwe anadwala sitiroko chaka chatha. Mwendo wawo wamanzere umakoka. Kuchipatala anatiuza kuti tikhome chitsulo chogwirira m'bafa ndi china pambali pa bedi. Zitsulozo ndinagula sabata yomweyo. Chinatsala n'kuboola khoma basi, mabowo asanu ndi atatu.

Achimwene anga ali nacho choboolera, chimangogona mu buti ya galimoto yawo. Miyezi itatu yathunthu nyimbo yakhala imodzi: "Loweruka ndibwera, chemwali, usadandaule." Nditatopa ndinati angondibwereka ndiboole ndekha. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe yako ndi singano. Ichi chingakupotole dzanja."

Lachiwiri lapitali m'mawa, ndikuyeza kasitomala diresi, ndinangomva khu! m'bafa. Ndinawapeza amayi ali pansi, sopo ali kumutu, akulimbana n'kukoka thaulo kuti adziphimbe poti kasitomala uja anali atanditsatira. Ntchafu yonse yada bii. Koma chomwe chikundidya mumtima ndi mawu awo: "Pepa mwanangu, ndakuchititsa manyazi." Iwo kupepesa ine! Nditawaimbira achimwene, funso lawo loyamba linali loti, "Nanga iwe unali kuti?" Ndinadula foni, ndipo mpaka lero sindikuwayankha.

Masana omwewo ndinapita kusitolo ya zipangizo zomangira kuti ndigule changa. Wogulitsa sanandiyang'ane n'komwe. "Abambo akutumani cha mtundu wanji?" Nditati n'changa, ananditsitsira chachikulu, cholemera ngati mutu wa makina osokera, amvekere, "Ichi ndiye chachimuna." Nditachikweza mkono unanjenjemera, anzake n'kuyamba kugwirana m'mapewa ndi phwete. Ndinachisiya pakauntala n'kutuluka ndisanalankhule zoti ndidzanong'oneze nazo bondo.

Aphungu, ndigule chotani chopepuka, cha batire, choti ndizigwira ndekha osapemphanso munthu? Nanga achimwenewa ndiwatani? Ine maganizo anga ndi oti asadzapondenso pakhomo panga.

T.N., telala

Mayi telala,

Mkwiyo wanu ndi womveka, sindikuuzani kuti muuzimitse. Koma tiyambe ndi bafa. Achimwene adikire, aone nawo kuwawa kwake.

Kuyambira lero amayi azisamba atakhala pampando wosaterera, wina ali pafupi. Ntchafuyo akaionenso kuchipatala, chifukwa fupa la munthu wamkulu limatha kung'aluka osaonekera kunja.

Tsono za choboolera. Munthu wodula nsalu ya ukwati ya mwiniwake dzanja osanjenjemera sangalephere kuboola khoma. Zolembedwa 12V n'zopepuka, mwina kilo imodzi, ndipo zimakwana pa matabwa, masikuluwu, mashelefu ndi makatani. Koma ngati khoma lanu ndi la njerwa zootcha kapena simenti, funani chokhala ndi kachithunzi ka hamala pakhosi pake, chomwe chimaboola chikugogoda. Zambiri zotere ndi za 18V, koma zilipo zazing'ono zongopitirira pang'ono kilo ndi theka. Musagule ndi maso. Auzeni ogulitsa aikemo batire, muchikweze kufika pamutu ndipo muwerenge mpaka makumi atatu. Mkono ukayamba kulira, si chanu chimenecho, kaya wogulitsa achitame bwanji. Muonetsetse kuti chili ndi mabatire awiri ndi chaja, pakamwa pake polowetsa nsonga yoboolera pazimangika ndi dzanja popanda kiyi, ndipo akupatseni pepala loti chikafa msanga mukabweze. Mugulenso nsonga zoboolera khoma, timapulagi tapulasitiki tolowetsa m'mabowo, masikuluwu aatali ndi magalasi otchinga maso. Akakufunsaninso za abambo, ingonenani kuti, "Ndiitanireni wina amene akufuna kugulitsa." Masitolo ndi ambiri.

Musayambire pakhoma. Tolani njerwa yotayidwa muboolepo kangapo mpaka dzanja lizolowere. Ngati m'bafamo muli matailosi, pamafunika nsonga yake yapadera. Matani tepi pomwe mukuboola kuti nsongayo isatererepo, zimitsani kugogoda kuja, ndipo muzipita pang'onopang'ono mpaka tailosi itabooka.

Achimwene anu analakwa, ndipo funso lawo lija ndi la munthu amene manyazi amugwira n'kuyamba kusaka womusenzetsa. Komabe musawatsekere pakhomo. Amayiwo ndi awonso, ndipo mukawathamangitsa mwawamasula, katundu yense atsala pamutu panu. Yankhani foni kamodzi. Auzeni mmene munawapezera amayi pansi paja ndi mawu omwe ananena, osachotsera osawonjezera. Mukatero apatseni ntchito ya tsiku ndi ola: Lachinayi naini koloko, galimoto pakhomo, amayi kuchipatala. Akalepheranso, mwadziwa woti musamamuwerengere, ndipo mwadziwa popanda kutukwanizana pamaso pa odwala.

Chenjezo langa ndi ili. Musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa mpopi, switchi kapena soketi, chifukwa m'menemo ndi modutsa mapaipi ndi mawaya. Mukamaliza kukhoma, chikokeni chitsulocho inuyo ndi thupi lanu lonse, kangapo, amayi asanachikhudze. Chikagwedera ngakhale pang'ono, itanani mmisiri tsiku lomwelo, ndipo kumuitana si kugonja kwa achimwene ayi. Chitsulo chogwedera n'choopsa kuposa khoma lopanda kanthu, chifukwa amayi adzachikhulupirira n'kuchitsamira ndi mtima wonse.

Aphungu