Chithunzi cha pa Sikirini Yachiwiri

Lolemba, 6 Meyi

Kuchipatala m'mawa, kenako kuntchito. Amuna anga chimodzimodzi. Dzanja lamanja ndi mwendo osagwedezeka, pakamwa pokhota, mawu palibe. Adokotala akuti sitiroko imatero, tidekhe. Ndawameta ndevu, ndawacheka pang'ono pachibwano. Anangondiyang'ana.

Kompyuta yanga ya kuofesi inafa Lachisanu. Abwana akuti yatsopano si lero, koma maoda a makasitomala sadikira munthu. Ndatenga laputopu ya amuna anga, yangokhala patebulo chigwereni iwo. Ukayatsa pamabwera ife awiri, pa ukwati wa mng'ono wanga, ine nditaseka mpaka usinini kuonekera. Zilembo zake zing'onozing'ono, maso kuwawa. Mawa ndiilumikiza ku sikirini yaikulu ya padesiki panga.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndinalowetsa chingwe. Masikirini onse awiri bii. Kenako chithunzi chathu chinatambasuka, nkhope zathu ngati zopondedwa ndi tayala. Kuphethira kawiri, pa laputopu tinabwereranso bwinobwino. Pa yaikulu panabwera china.

Amuna anga atanyamula kamtsikana pamapewa. Ka zaka zinayi, mwina zisanu. Kawagwira makutu, onse akuseka. Shati ndi ya mizere yobiriwira ija ndinawagulira chaka chatha. Mwanayu sindikumudziwa.

Mnzanga wa desiki loyandikana anasuzumira. "Kani muli naye mwana, osatiuza? Mphuno ya bambo ake yeniyeni." Ndinazula chingwe. Kamwanako kanatsalira theka pa laputopu, mwendo ndi nsapato yofiira pamwamba pa nkhope yanga, kenako kanazimiririka.

Zaka khumi ndi chimodzi m'banja. Kwa madokotala, kumapemphero, mankhwala owawa. Mwana osabwera. Iwo ankati, "Ndinakwatira iweyo, zinazo zisiye."

Lachitatu, 8 Meyi

Kulumikiza, kuzula, kulumikiza. Nthawi zina sikirini yakuda yokhayokha, mtima n'kutsikako. Nthawi zina kamabwera. Ndafufuza monse mosungira zithunzi. Mapulani a nyumba amene amajambula kuntchito kwawo, madenga, maziko. Mwanayo mulibe.

Mwina wa mnzawo. Mwina wa kasitomala. Anthu amanyamula ana a eni, si zachilendo.

Koma mphuno ija.

Masana sindinapite kuchipatala. Koyamba. Ndinatuma alamu, mchemwali wawo, ndinati ntchito yandipana.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndapita ndi laputopu ija kwa Mawaya, wokonza makompyuta m'kachipinda ka pansi pa masitepe kuofesi kwathu. Fungo la waya wopsa, zidutswa za makina mpaka kudenga. Ndinangoti zithunzi zikusokonekera ndikalumikiza. Anailumikiza ku sikirini yake. Kamtsikana kaja poyera.

Anadinadina. Akuti kuda ndi kutambasukako ndi vuto la makina, akonza. "Koma ichi si vuto, amayi. Mwini wake anachita kusankha, china cha pa sikirini yaing'ono, china cha pa yaikulu."

Kunyumba tilibe sikirini yaikulu. Ili kuntchito kwawo, kumene amakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Anafunsa ngati achichotse. Ndinati ayi. Ndinachijambula pa foni yanga ali pomwepo. Anayamba kusakasaka chinachake m'dirowa mpaka ndinatuluka.

Lamulungu, 12 Meyi

Apongozi kuwodi, ndi alamu. Ndinawaitanira m'khonde, ndinawaonetsa foni. Ndimayembekeza kuti agwira pakamwa. Anangokonza mpango wakumutu.

"Mwana wanga, ino si nthawi yake. Munthu achire kaye." Ndinafunsa kuti akhala akudziwa kuyambira liti. "Nanga akanatani, mwamuna akukula?" Alamu maso pansi, kutola ulusi pa siketi.

Onse akudziwa. Anthu amene ndakhala ndikuwapakulira, kuwayalira pogona akabwera kudzacheza.

Atapita ndinawasintha thewera amuna anga. Enawo amachita nseru, ntchitoyi ndi yanga. Ndinawapukuta msana mwamphamvu mpaka khungu kufiira. Sangadandaule. Ndinasiya, ndinawapaka mafuta.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndalakwitsa oda ya kasitomala wamkulu, katundu wapita kolakwika. Abwana akuti akumvetsa za kuchipatala koma kumvetsa kuli ndi malire.

Mawaya anakonzadi. Kuda kuja kunatha. Tsopano ndikangolowetsa chingwe kamabwera nthawi yomweyo, koyera bwino, kosakhota. Ndimakaphimba ndi maoda tsiku lonse. Madzulo potseka kali pomwepo. Ndakazolowera. Dzino lakutsogolo lobenthuka, chipsera pabondo. Kumbuyo kwawo geti labuluu ndi ndowa yovundikira. M'basi maso anga pa mageti a anthu.

Kuwodi kwabwera mayi wophunzitsa odwala kulankhulanso. Akuti tiziwaonetsa zithunzi za zimene amakonda, lilime limakumbuka. Ndawaonetsa chathu chija. Cha amayi awo. Galimoto yawo. Duu.

Loweruka, 18 Meyi

Ndawaonetsa cha mwanayo. Si chifukwa cha mayi wophunzitsa uja. Ndimafuna adziwe kuti ndaona. Ndimafuna chiwapweteke.

Maso tong'o. Dzanja lamanzere linagwira foni mpaka kundikanda. Pakamwa kulimbana, malovu kutsika pa pilo. Kenako mawu. Dzina. Mawu awo oyamba chigwereni pansi. Analibwereza. Sindililemba muno.

Anesi anaomba m'manja, odwala a bedi loyandikana nawonso kusekerera. "Mubwere naye mwana wanuyo, amayi, mankhwala ake ndi amenewo." Ndinati chabwino. Ndinatenga foni yanga, ndinatuluka.

Kunyumba sindinaphike. Shati ya mizere ija ili pa hang'ala, yositidwa. Ndinasita ndine.

Lachiwiri, 21 Meyi

Dzulo ndinawaimbira apongozi. Ndinati mubwere naye mwanayo. Anayamba kudalitsa, ndinadula foni.

Abwera lero masana. Mayi wake anatsalira pageti la chipatala. Ndinamuona chapatali. Wamng'ono thupi, yunifolomu ya m'sitolo, nsapato zakutha chidendene. M'mutu mwanga ndinamupanga wokongola kwambiri. Ndi munthu wotopa chabe. Anandiona, anatembenukira kumsewu.

Chikepe chinafa kalekale, apongozi ndi mawondo awo masitepe amakwera mokwawa. Anandipatsa ine mwanayo. Kadzanja kotentha, komata switi. Kamalumpha sitepe imodzi n'kumandiyang'ana kuti ndikaletse. Sindinakaletse.

M'wodi kanaopa pakamwa pokhota paja. Kanabisala kumbuyo kwa siketi yanga. Yanga. Ndinachita kukanyamula kukaika pabedi. Kolemera kuposa mmene kamaonekera. Amuna anga anatchula dzina lija, kenako mawu ena, "bwera". Misozi mpaka m'makutu. Ndinawapukuta, kenako ndinaima pawindo.

Adokotala akondwa. Akuti Lachisanu atha kutuluka. Pakufunika njinga ya odwala, bedi lisunthire pabalaza chifukwa chitseko chakuchipinda ndi chopapatiza, komanso munthu wokhala nawo tsiku lonse. Anayang'ana ine. Apongozi nawonso anayang'ana ine.

Potsika masitepe kanandikoka chala. "Anti, adadi akachira abwera kwathu kapena kwanu?" Ndinapitiriza kutsika. Kanafunsanso. Ndinati tiyende, amayi ako akudikira padzuwa.

Lachinayi, 23 Meyi

Ndapempha tchuthi. Abwana anasaina osandiyang'ana. Ndazula chingwe, laputopu ndabwera nayo kunyumba.

Bedi lili pabalaza, aneba andithandiza kunyamula. Mipando ndaiunjika kuchipinda. Msana.

Apongozi aimba. Akuti Loweruka abwera nakonso, kunyumba kuno tsopano, ndipo azitero sabata iliyonse mpaka munthu alankhule bwino. Sanandifunse. Ndinakonzeka kukana, mawu anali pamlomo. Ndinangomva ndikufunsa kuti kamadya chiyani.

Ndatsegula kabati. Makapu onse ndi agalasi, a ukwati wathu aja. Yapulasitiki tilibe, sitinakhalepo nacho chifukwa. Mawa popita kukawatenga ndidutsa pasitolo. Ndigule imodzi, kapena ndingopitirira.