Ndinavundula Mabotolo Ako

Nkhotakota,
Lolemba m'mawa.

Wokondedwa mwana wanga Rute,

Inde, alipo amene anakhudza mabotolo aja. Ndine. Dzulo pafoni ndinakuuza kuti palibe. Ndinakunamiza, ndipo ndinanama nditangotuluka m'tchalitchi, jekete la Misa lili m'thupi.

Amalume ako a Frazer, amene akundilembera kalatayi, aimika cholembera. Akuti munthu sayamba kalata chonchi, ndiyambe ndakupatsa moni. Akunena zoona. Uli bwanji mwanawe ku Lilongweko? Chifuwa chija chinasiya? Amuna ako a Joshua ali bwanji? Kuno m'thupi tili bwino, bondo lokha ndi limene likundivuta mvula ikamabwera. Koma mumtima simuli bwino ayi, ndiye undilole ndibwerere pomwe ndayambira.

Mu Ogasiti unabwera ndi katoni ya mabotolo. Ena a zivindikiro zofiira, ena zoyera, ena za buluu, mtundu uliwonse asanu ndi limodzi. Unati ndi mafuta odzola ochiza zipere amene iwe ndi anzako mukupanga kuntchito, ndipo mukufuna kuona ngati angapirire kutentha kwa kunyanja kuno. Unawandandalika pathabwa m'chipinda cha malemu amayi ako, kufupi ndi malata, pamodzi ndi kachipangizo kaja konga bokosi la machesi kowerenga kutentha.

Unati ndisakhudze, ndisatsegule, ndisasunthe. Unanena katatu. Ine ndinavomera katatu.

Koma sindinafunse chifukwa chake. Ine ndinamva ngati ukuopa akuba, kapena ukuopa kuti ndingadzole. Ndinati mumtima, ndani angadzole mankhwala a zipere alibe zipere? Basi ndinatseka chitseko.

Patapita masabata atatu ndinalowamo kukafuna sandipepa. Maso anagwera pathabwa paja. Oyera ndi a buluu anali monga unawasiyira. Koma ofiira, mwana wanga, anali atalekana. Pamwamba mafuta achikasu akuyandama, pansi zoyera zitakhazikika gwa, ngati chinangwa chonyika chikatsikira pansi pa beseni.

Rute, iwe ukundidziwa. Zaka makumi anayi ndakhala ndikupenta maboti m'madooko onse, kuyambira kuno mpaka ku Dwambazi. Chitini cha penti ndikachitsegula ndimapeza zomwezo, mafuta pamwamba, zolemera pansi. Palibe amene amati penti yawonongeka. Umatenga kamtengo, umavundula, imabwerera. Amene savundula timamutcha waulesi, ndipo boti lake limakhala mawangamawanga.

Ndiye ndinaima pamenepo n'kumaganiza. Mwana wanga wavutika ndi sukulu zaka zonsezi, adzabwere adzapeze zinthu zake zili chonchi? Mabwana ake adzati sadziwa kusakaniza. Adzamuseka. Ine bambo ake ndili pompano, manja ndili nawo, ntchito yake ndi yomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku.

Ndinatenga sipoko ya njinga. Usaganize kuti ndinachita mosasamala ayi, ndinaikwecha ndi mchenga, ndinaiwiritsa m'madzi mpaka inabwadamuka. Ndinavundula botolo lofiira lililonse mpaka linasalala. Ndinapukuta pakamwa pake, ndinatseka, ndinalibwezera pamalo pake, nambala itayang'ana kukhomo monga unasiyira.

Sabata yotsatira analekananso. Ndinavundulanso. Inasanduka ntchito ya Loweruka lililonse, ndikamaliza kumeta ndevu. Amalume ako akufunsa kuti kangati. Lembani kakhumi, alamu. Ayi, dikirani. Kakhumi ndi kamodzi. Sabata ya maliro a ku Kanyenda ndinavundula Lachisanu, kuopa kuti lingadutse.

Mu Novembala unabwera kudzaona. Tsiku limenelo likundiwawa kuposa onse. Ndinali nditavundula dzulo lake. Unanyamula lofiira, unaliyang'ana padzuwa, unalitembenuza, unakuwa mpaka abakha anathawa pabwalo. Unati ofiirawo ndi otchipa kuposa enawo, munthu wakumudzi atha kuwakwanitsa. Unati mabwana ako ankawakayikira chifukwa mu uvuni wanu wa ku labu analekana, koma tsopano nyumba yeniyeni ya ku Nkhotakota yawatsutsa. Unandikumbatira, unati ndine mlonda wabwino.

Ine ndinanyada. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, ndinanyada. Mumtima ndinati dzanja la bambo ako lilimo mmenemo. Ndinatsala pang'ono kukuuza, koma ndinati ayi, ulemu ukhale wake yekha mwanayu.

Unatenga anayi pamtundu uliwonse, unasiya awiriawiri kuti afike miyezi isanu ndi umodzi.

Kenako nyanja itatsekedwa kuti nsomba ziswane, maboti ali pamtunda, anandiitana ku Dwambazi kukapenta atatu. Ndinakhalako masabata asanu. Kiyi wachiwiri ndinasiyira a Sadick, aneba athu aja, kuti azindipatsira abakha gaga. Tsono akazi awo a Kulusumu anatuluka chipere pakhosi, chachikulu ngati pansi pa kapu. A Sadick ankadziwa zimene zili m'chipinda muja. Akanalephera bwanji kudziwa? Ndine ndemwe ndinkalalika padooko ponse kuti mwana wanga wapanga mankhwala a zipere ndipo ofiira ndiwo apambana.

Anatenga limodzi lofiira. Masabata anayi osavundulidwa, ukudziwa mmene linalili. Anaona mafuta pamwamba, anati awa ndi owonongeka, anawakhuthulira pansi. Anakomba zoyera za pansi zija n'kuwapaka akazi awo, m'mawa ndi madzulo.

Rute, ndinafika Lachinayi lapitali, ndinaona khosi la a Kulusumu ndi maso angawa. Ndinabwerera m'mbuyo. Matuza kuyambira kukhutu mpaka paphewa, ngati wawathira phala lamoto. Khungu likusendeka. Mpango sakutha kumanga, mzimayi amene sindinamuonepo mutu uli pamtunda chikwatiwire. Anandiona n'kudziphimba kumaso ndi manja.

Lachisanu m'mawa tinapita nawo kuchipatala, ine nditanyamula botolo lofiira lotsala lija kuti adokotala aone. Atawatsuka a Kulusumu, anatitumiza pawindo la mankhwala. Panali mayi wina wamagalasi, wamsinkhu ngati wako. Analitenga botolo, analiyang'ana, anafunsa kuti lachokera kuti. Ndinafotokoza za iwe ndi kafukufuku wako. Ndipo tamvera kupusa kwa bambo ako. Ndinawauza kuti asadandaule, mafutawo ndi abwino, amangofuna kuvundula basi, ine ndakhala ndikuvundula Loweruka lililonse.

Mayi uja anavula magalasi. Anatseka windo, anthu ali pamzere. Anandiitanira mkati n'kundipatsa mpando.

Anandifunsa kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ndinawonjeza ndi za sipoko yowiritsa, kuti aone kuti ndine munthu waukhondo. Anagwira kumutu.

Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani. Anati mabotolowo sanaikidwe pathabwa kuti asungike bwino ayi. Anaikidwa kuti ngati ali olekana alekane, anthu aone. Kulekanako ndiye yankho limene iwe unkalifuna. Anati mafuta akalekana, mankhwala onse amathawira malo amodzi. Wotapa pamwamba sachira, wotapa pansi amapsa. Anati mayi wa kumudzi akalandira botolo sadziwa zovundula, amangopisa chala n'kupaka mwana. Anatsegulanso chivindikiro n'kundionetsa timadontho takuda m'mbali. Chuku. Anati chimenecho mwina chinalowa ndi sipoko yanga yomweyo, kuwiritsa kwanga konse kuja.

Anati, bambo, mwana wanu anafunsa funso, nyumba yanu inayankha, inu munafufuta yankho kakhumi ndi kamodzi.

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji. A Sadick akuti ndinadutsa njinga yanga pageti n'kuyamba kuyenda wapansi.

Tsono dzulo unaimba. Mawu ako akuvina. Unati Lachinayi likubwerali ukaima pamaso pa akuluakulu kukaonetsa zotsatira, ndipo akavomereza, mwezi wamawa muyamba kuyesa ofiirawo pa ana asukulu mazana awiri a zipere ku Mwadzama. Unati pali pepala loti usayine, lonena kuti mabotolo sanakhudzidwe, ndiye ukungofunsa mwamwambo. Unaseka, unati ukudziwa kale kuti palibe.

Ndinati palibe. Pakamwa panayankha pokha. Za a Kulusumu sindinatchule n'komwe.

Chiimbire chako ndayesa kawiri kukuimbira. Ikangolira kamodzi ndikudula. Mawu ako sindingathe kuwamva akusintha. N'chifukwa chake ndaitana amalume ako ndi pepala, pepala silindiyankha.

Ana mazana awiri, Rute. Ndikatseka maso ndikuona khosi lija, koma laling'ono. Zipere za ana zimakhala kumutu ndi kumaso. Kumaso, mwanawe.

Pepalalo usasayine. Ngati wasayina kale, kalitenge. Ofiira aja analekana pa sabata yachitatu, lemba zimenezo, ndiye zoona zake. Oyera ndi a buluu sindinawakhudze ngakhale kamodzi, apo ndingalumbire pamaso pa ansembe. Ali pomwepo mpaka lero, osalala bwinobwino, ndawayang'ana m'mawa uno ndili pakhomo, manja ndili nawo kumbuyo.

Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Unauza kale mabwana ako kuti uvuni wawo unanama. Tsopano ukawauze kuti ananama ndi bambo ako. Mwina akuchotsa pa kafukufukuyo. Mwina adzati ndani amasiya ntchito ya labu m'manja mwa wopenta maboti. Amalume ako akuti mwina angoti uyambirenso miyezi ina. Ine sindikudziwa za kumeneko. Zomwe ndikudziwa n'zoti ndinafuna kukuchotsera manyazi ang'ono, ndakubweretsera aakulu.

Ngati akufuna munthu womukalipira, ndibwera. Ndivala jekete, nditenga ndi sipoko yomwe, ndikaime pakati pawo ndinene ndekha. Andifunse chilichonse. Iwe sunalakwe. Unanena katatu.

Amayi ako akanakhala moyo bwenzi atandimenya dzanja tsiku loyamba lomwe. Iwo chinthu cha mwini ankachizungulira patali. Alamu, zimenezo musalembe. Mwalemba kale? Zisiyeni.

Kukhululuka sindikupempha lero. Uyambe wakonza za anawo, za ine tidzakamba. Ukafuna kukhala osandiyankhula mpaka Pasaka, ndimva, sindidandaula.

Undiperekere moni kwa a Joshua, uwauze kuti apongozi awo achita zopusa koma akuwakumbuka. Moni kwa mdzukulu wanga Hellen, umupsompsone pachipumi. Azakhali ako a ku Kawale ukawaona usawauze kaye, angalalike mpaka kuno. Ambuye akugwire dzanja Lachinayi, akupatse mawu amene bambo ako anasowa dzulo.

Ndine bambo ako,
Hubert Chiutula.

Alamu, onjezani pansipa, malo alipo. Rute, titamaliza kulemba ndinawauza amalume ako kuti kalatayi igone kaye, ndiione bwino mawa kapena mkuja. Ndisakubisire, mtima unayambanso kundinong'oneza kuti ikafika Lachisanu si mlandu wanga, ndi wa minibasi. Sindinadziwe kuti a Sadick akhala pakhonde nthawi yonseyi, anabwera kudzabweza kiyi. Alowa osaodira, avala kale mkanjo wa paulendo. Aima pano, dzanja atambasula. Akuti:

"A Chiutula, khosi la mkazi wanga lipola, Insha Allah, ndipo botolo ndinatenga ndine, ndilibe nanu mlandu. Koma kalatayo sigona m'nyumba muno. Matani envulopu, ndikaipereka ndekha m'manja mwa Rute dzuwa lisanalowe. Mdzukulu wanga Ummy amaphunzira ku Mwadzama, ndipo amayi ake anamulembetsa kale dzina pa ana aja."